Pa Chithunzi cha Mbewu Zanga Panatsala Phewa Lokha

Tsiku limene ndinkachoka ku Itepela kutsatira mwamuna wanga ku Mandimba, azakhali anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Sanandiuze za kuphika kapena za kuchipinda, zimenezo anankungwi anali atamaliza kale. Iwo anangoti, "Iwe, kumene ukupitako kulibe m'bale wako. Munthu akadzakuuza kuti tasunthani pang'ono, usadzasunthe. Uyambe waona kuti pamalo pakopo akufuna kuikapo ndani."

Mawu amenewo ndinawagwira zolimba. M'shapa, minibasi zathu zija, sindisuntha, ngakhale kobradoro wotolera ndalama akalipe bwanji. Ku mzikiti, kumbali ya amayi, malo anga ndi omwe aja a pafupi ndi zenera. Mwamuna wanga atakwatira mkazi wachiwiri, Myao wa kunyanja ya Amaramba, namumangira nyumba kuseri kwa yanga mumpanda womwewu, anandipempha kuti mtondo wanga ndiusendeze kuti mnzangayo azidutsa bwino popita kuchitsime. Mtondowo uli pomwepo mpaka lero, ngakhale wopemphayo anagona kalekale, ndipo mnzangayo akuulambalalabe. Ndadzasuntha ndili nkhalamba ya imvi mbuu, chifukwa amene anandipempha anali mdzukulu wanga.

Mdzukuluyu ndi mtsikana, mwana wa mwana wanga wamkazi. Amake anandisiyira atangomuletsa kuyamwa, n'kupita kukagwira ntchito ku Nampula. Ndamulera ndine. Chikuku chinamugwira ali kumsana kwanga, mano anagulukira m'nyumba mwanga. Tsopano akuphunzira za ulimi ku Cuamba, ndipo ankabwera Loweruka lachiwiri lililonse, kutsika shapa ali fumbi lokhalokha. Ine amanditcha agogo. Mkazi mnzanga amamutcha anganga, mwa Chiyao. Zimenezi sizinkandivuta. Ndinkati dzina lenilenilo ndi langa, linalo ndi la ulemu chabe, longa limene umapatsa nkhalamba iliyonse panjira.

Chuma changa ndi mbewu. Ndili ndi mapira ofiira amene mbalame zimangowadutsa, mawere, nzama zakuda, khobwe wamawangamawanga, chitowe, ndi nthanga za maungu a khungu lolimba amene amafika dzinja lina osaola. Zonsezi ndinachoka nazo kwa amayi ku Itepela. Nthawi ya nkhondo, pothawira ku Malawi, anzanga ananyamula mabulangete ndi mapoto. Ine ndinamanga mbewu timapukusi m'chiuno, ndipo kumsasa kuja, kumene ndinaphunzira kulemba kumeneku, ndinkazidzala kuseri kwa chisakasa kuti zisafe. Ndimazisunga m'nsupa, kuzisakaniza ndi phulusa la mtengo umene sindinauzepo munthu dzina lake, n'kumata pakamwa ndi dothi. Sindigawa. Ndinayesapo kupatsa mayi wina dzanja limodzi, chaka chotsatira ndinamumva akuuza anthu kuti ndi za agogo ake.

Mnzangayo ndi wosiyana nane. Amaseka ndi aliyense, mano ake onse alipo, oyera mbee, ndipo chilichonse chimene ali nacho amagawa. Kwawo ndi asodzi, kulima anadzaphunzirira pano. Mbewu zimene ali nazo ndi zidzukulu za mbewu zanga, zimene mwamuna wathu anandikakamiza kumupatsa chaka chimene anabwera. Amazisakaniza, amaziika m'mabotolo a mafuta ophikira, theka anankafumbwe amadya.

Chaka chino titangokolola, mdzukulu anabwera ndi nkhani yoti akufuna kutsegula bulogu. Ndinamufunsa kuti n'chiyani chimenecho. Anati ndi tsamba la pa intaneti, ngati kaderno, buku lolembamo lija, amene aliyense wokhala ndi foni angathe kuwerenga, ndipo iye azilembamo za mbewu zamakolo zisanatheretu.

"Owerengawo ndi ndani?" ndinafunsa.

"Aliyense, agogo."

"Aliyenseyo alibe dzina? Akufuna chiyani kwa ine?"

"Sakufuna kanthu. Akungofuna kudziwa basi."

"Amene anatibera mbuzi chaka chija naye anayamba ndi kungofuna kudziwa basi."

Komabe ndinalola, poti ndi iye. Maloweruka angapo tinkakhala pakhonde, ine kunena, iye kulemba. Ndinamuuza nthawi yodzala, kasankhidwe ka ngala zosungira, kayanikidwe kake. Pa phulusa ndinangoti phulusa, osapitirira. Masiku amenewo ndinali wokondwa, ndisaname. Mwana ankandiyang'ana pakamwa ngati ndine mphunzitsi wake wa ku Cuamba.

Kenaka anati tsambalo likufunika chithunzi cha pamutu, chimene munthu aziyamba kuona akangotsegula. Pa Chipwitikizi anachitcha kabesalyo. Anandijambulira pansi ndi kamtengo: chachitali m'mbali koma chachifupi msinkhu, ngati mpango woupinda kanayi. Anati munthu woimirira salowamo, pokhapokha umudule mutu kapena miyendo. Ndiye pafunika kukhala pansi, zinthu n'kuzindandalika mzere umodzi.

Ine ndi zithunzi sitinamvanepo. Changa ndili nacho chimodzi, cha pa chiphaso, maso ali tong'o ngati wagwidwa ndi katundu wakuba. Mnzanga ali ndi chachikulu chimene anakajambulitsa ndi mwamuna wathu ku Cuamba, kumbuyo kwawo kuli nsalu yojambulidwa nyanja, ndipo anachipachika moti chitseko chake chikatseguka ndimachiona ndili pakhomo panga. Ulendo umenewo ine anandiuza kuti akukagula mchere ndi sopo wa m'sitolo. Ndiye mdzukulu atanena za kabesalyo, mumtima ndinati, chabwino, nthawi yanga yakwana.

Anatulutsa mpando wautali uja timakhalira pa sadaka n'kuuika pansi pa mtengo wa mango. Ndinavala kapulana wanga, chitenje chobiriwira cha pa Idi. Nsupa ndinatulutsa ndekha, zonse, koyamba kuziika padzuwa anthu akuona. Ndinakhala pakati penipeni, nsupa uku ndi uku. Mnzanga anali pakhomo pake akupeta mpunga, maso ali kuno.

Mdzukulu anajambula kawiri katatu, n'kuyang'ana foni, n'kukwinya nkhope.

"Agogo, mukuoneka ngati msilikali wa pamalire akulondera katundu. Tasekani."

"Ndiseke ndaona chiyani?"

Anatembenuka. "Anganga, tabwerani mudzakhale nawo, mwina agogo amasuka."

Mnzangayo anakana kamodzi kokha, kukana kwa munthu amene wayamba kale kupukuta m'manja. Ndiye mdzukulu anati, "Agogo, tasunthani pang'ono."

Mawu a azakhali ndinawamva, ndinawamva ndithu. Koma ndinayang'ana mwana amene ndinkamutafunira chakudya, ndipo ndinasuntha.

Apa pali china choti mudziwe. Ine ndi mnzangayo sitinkakhala mogundana. Mwamuna wathu ali moyo ankakhala pakati, ndipo atamwalira mpata wakewo unatsala. Pamaliro, paukwati, pamzere wa kuchipatala, timasiya malo a munthu mmodzi pakati pathu. Palibe anatiuza, zinangokhala choncho. Ndiye iye atakhala pamene ndinali ine, ndinasunthanso kuti mpata uja ukhalepo, mpaka ndinafika kumapeto kwa mpando. Nsupa yaikulu ya mapira ofiira inayamba kugubuduka, mdzukulu anaiwakha n'kumupatsa mnzanga kuti aigwirire pamiyendo. Mnzanga anaseka. Foni inati tcha.

"Eya! Chimenechi ndiye chabwino."

Anandionetsa. Tonse tinalimo. Ndinabweza nsupa zanga m'nyumba, iliyonse nditaiona pakamwa ngati dothi lili bwinobwino.

Patapita masabata awiri ndinapita ku merikado, kumsika kwathu kuja, kukagula mchere. Mayi wogulitsayo anati, "Agogo, mwaona? Mnzanu uja watchuka." Anapukuta foni pa kapulana n'kundipatsa.

Pamwamba pa tsamba panali mnzanga, mano onse panja, nsupa yanga ya mapira ataikumbatira ngati khanda. Pambali pake, mumpata uja wa mwamuna wathu, munali zilembo zoyera: Mbewu za Agogo. Kumapeto kwenikweni, pamene galasi la foni limathera, panali kachidutswa kobiriwira. Ndinayang'anitsitsa. Linali phewa langa.

"Inu simunafune kujambulidwa, eti?" anatero wa mchereyo.

"Ndinali ndi chimfine."

Iye sanaone kuti ndauma. Anatsitsa tsambalo ndi chala n'kuyamba kundiwerengera zimene anthu analemba pansi. Wina anati agogo okongola, Mulungu awasunge. Wina anati nkhope imeneyi yandikumbutsa amayi anga. Wina wa ku Lichinga anati munthu wosunga mbewu umamuonera m'maso momwe, kuwala mtima. M'maso mwa munthu amene sasiyanitsa mapira ndi mawere zikadali masamba! Mchere ndinauiwala pomwepo.

Ndinaganiza kuti mwina wa mchereyo wachita dala, poti amake ndi mnzanga amayenderana. Ndinapempha bambo wosoka zovala kuti atsegule pa foni yake, poti yanga ndi ya mabatani, kenaka mkazi wa shehe. Monsemo phewa lokhalokha. Ndinapita kwa bambo wina wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera shapa, ndinamuuza kuti chithunzichi chapendekera, achiwongole. Anati zimenezo angathe ndi mwini tsamba yekha. Kenaka anachiyang'ananso n'kunena kuti, "Koma mayi, chapendekera pati? Agogowa ali pakati bwinobwino." Ndinachoka osatsanzika.

Dzina linamera msanga. Panjira anthu anayamba kumupatsa moni mnzanga kuti agogo a mbewu, iye n'kumaseka, kumakana ndi dzanja, koma osakana ndi pakamwa. Lachisanu lina titabwerako ku mzikiti, pachipata panaima njinga ziwiri zonyamula anthu, n'kutsikapo amayi awiri ovala nsapato zotseka, a ku Cuamba. Anandipeza pakhonde. Anagwada bwinobwino, moni wake waulemu. Kenaka wamkuluyo anati, "Pepani mayi, agogo a mbewu aja nyumba yawo ndi iti?"

Ndinawalozera ndi mlomo.

Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa pafupi ndi mtondo, pamene ndinali nditasesa kale m'mawa. Ndinamva zonse. Mnzanga anawayalira mphasa, anawapatsa tiyi ndi zitumbuwa. Anawauza kuti posungira phulusa lililonse limagwira. Lililonse! Anawauza kuti mawere amadzala ndi mvula yoyamba, pamene mvula yoyamba kuno imanyenga. Iwo akungolemba. Atafunsa za nzama zakuda, anadzuka n'kubwera kwa ine.

"Achemwali, alendowa akufunsa za nzama zija. Inetu sindidziwa, ndawauza kuti eni ake ndinu. Tabwerani."

"Msana," ndinatero.

"Ndiye abwere iwowo kuno?"

"Ndati msana. Wanga ukamapweteka ndi pakamwa pomwe pamatseka."

Anabwerera. Mwina wina anganene kuti anachita bwino kudzandiitana. Ine ndinaona kuti akufuna alendowo akanene ku Cuamba kuti agogo a mbewu ndi odzichepetsa, koma ali ndi mkazi mnzawo wouma mtima. Pochoka anawakulungira mapira m'kapepala, ana a mapira amene anagona m'chiuno mwanga tikuwoloka malire.

Loweruka mdzukulu anafika. Ndinamusiya amwe kaye madzi, poti sindine chilombo. Kenaka ndinati, "Tanditsegulira tsamba lako lija."

Anatulutsa komputadoro m'chikwama, chija chopinda ngati buku. Pamenepo chithunzi chinali chonse: nsupa, mnzanga, zilembo, ndipo kumapeto ine, wathunthu, nkhope ili gwa.

"Si inu awa?"

"Tsopano tsegula pa foni."

Anatsegula, n'kuyang'anitsitsa. Ndinaona kuti sankadziwa, kapena ankadziwa kunamizira bwino. Ana a sukulu amatha zonse ziwiri.

"Aa, agogo, ndi foni imeneyi. Galasi lake ndi lopapatiza, ndiye imasunga zapakati, zam'mbali n'kudula. Ine ndinkakonzera pa komputadoro, sindinaone."

"Ndani kuno ku Mandimba amapita ku merikado atanyamula komputadoro?"

"Palibe."

"Ndiye unandiika kumene kulibe wondiona. Foniyo inadziwa bwanji kuti wodulidwa akhale ine?"

"Siidziwa munthu, agogo. Inu munakhala kumapeto."

"Anandisuntha ndani?"

"Ine ndinati pang'ono. Inu munapita mpaka ku Lichinga."

Sindinaseke.

Anati akonza pompo. Ndinakhala pambali pake, maso pa zala zake. Anayamba wachepetsa chithunzi kuti tonse tikwane. Tinakwanadi, koma nkhope zathu zinasanduka ngati njere za chitowe, osadziwika uyu ndani uyu ndani. Anayesa kuchotsa mpata wa pakati kuti atiyandikanitse, mpando unaoneka wothyoka, mtengo wa mango kumbuyo n'kukhala ndi nthambi zosakumana. Kenaka anakokera chithunzi chonse mbali imodzi, pang'onopang'ono, mnzanga akutuluka, ine ndikulowa: phewa, khosi, nkhope. Mnzanga anatsala chigongono.

"Basi. Siya pomwepo."

"Ayi agogo, ndimangokuonetsani."

"Ndati siya. Mbewu ndi zanga, dzina la agogo ndi langa."

"Anganganso ndi agogo anga."

"Magazi ako ali mwa iyeyo? Anakuberekapo kumsana?"

"Anandiberekapo, inu muli kumunda." Anatseka komputadoro. "Agogo, mukudziwa kuti tsiku limene ndinatha msinkhu ndinayamba ndauza anganga? Anandisambitsa, anandipatsa nsalu, kenaka anati pita ukauze agogo ako ngati kuti sunauze wina aliyense, angamve kuwawa."

"Bwanji sunabwere kwa ine?"

"Ndinkaopa. Inu munthu akabwera ndi nkhani mumayamba n'kufunsa kuti wauzanso ndani."

Tsiku limenelo ndimalikumbuka. Ndinapha tambala. Ndinatumiza uthenga kwa amake ku Nampula kuti mwana wakula ndipo wathamangira kwa ine. Zaka zonsezi ndinkayenda nalo mumtima ngati langa, pamene anachita kundigawira kuchokera kuseri. Ndinadzuka n'kupita kukhola kukaona nkhuku zimene zinalibe vuto lililonse.

M'mawa mwake mdzukulu anatulutsanso mpando uja. Anati njira ndi imodzi yokha: tijambulenso, tonse awiri pakati, mapewa atagundana, zilembo aziika kumapazi. Anayeza ndi manja n'kulemba mizere iwiri pampando ndi khala.

"Wotuluka m'mizeremu foni imudula. Musadzati sindinanene."

Pakati pa mizereyo panali malo a munthu mmodzi wonenepa.

Mnzanga anabwera atavala kapulana wakale wa kumunda. "Mwanangu, jambula achemwali okha," anatero. "Mbewu ndi zawo. Ine tsiku lija ndinangogwirizira nsupa." Ndinaona mmene mdzukulu anamuyang'anira, maso ofewa. Mayi ameneyu amatero: amagonja anthu akuona, n'kuchoka atatenga zonse.

"Ayi, nonse," anatero mdzukulu, n'kumuikanso nsupa yaikulu pamiyendo.

Tinakhala, ine pamzere wanga, iye pa wake, matupi atapendekera kunja.

"Fupikiranani."

Ndinasendera zala ziwiri.

"Agogo, theka lanu lili panja."

Amene anasendera ndi mnzanga. Phewa lake linakhudza langa. Linali lofunda, ndiponso lopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Wakalamba naye, mafupa okhaokha. Zaka zoposa makumi anayi mumpanda umodzi, ndinali ndisanadziwe. Mwina ndikanapirira mpaka foni n'kulira. Koma iye anati, "Musaope achemwali, sindiluma. Manowa ndi ongokongoletsa."

Mdzukulu anaseka mpaka kugwira pamimba, foni ikugwedezeka m'manja. Anayankha mwa Chiyao, mnzanga n'kuwonjezera zina, onse awiri misozi m'maso. Chiyao ndimachimva, panalibe chondinyoza. Koma kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo m'nyumba mwanga. Kwa ine mwanayu amaseka ndi milomo. Apa ankaseka ndi thupi lonse, ngati mmene ankasekera mwamuna wathu akakhala kuseri kuja, ine ndikumvera pakhomo panga.

Ndinadzuka. Ndinatola nsupa imodziimodzi, yaikuluyo ndinachita kuichotsa pamiyendo pa mnzanga, n'kukazitsekera m'nyumba. Potuluka ndinati, "Mbewu zanga sizidzajambulidwanso zili m'manja mwa wina. Chija chili pa tsambacho uchichotse. Ukafuna jambula mabotolo ake a anankafumbwe."

Mnzanga anayamba kufufuta mizere ya khala ndi nsonga ya kapulana, kaya chifukwa chiyani. Mdzukulu anakoleka chikwama n'kukakwera shapa ya masana, mpunga umene ndinamuphikira osaukhudza.

Anachotsadi. Wa mchere uja ndiye anandionetsa chatsopano. Mulibe munthu. Muli lichero lokha, lojambulidwa kuchokera pamwamba, mbewu zitayalidwa mizeremizere, zofiira, zakuda, zoyera. Licherolo ndinalizindikira, ndi la kuseri, lija lothyoka mkombero. Zilembo nazo zinasintha. Tsopano palembedwa kuti Mbewu za Kwathu. Mawu oti agogo anachoka.

"Chokongola, eti?" anatero wa mchere.

Chokongoladi. Pa foni chimakwana bwino, poti mbewu ukazidula m'mbali sizidandaula.

Tinene kuti ndinapambana. Mnzanga sali pa tsamba. Koma anthu akumutchabe agogo a mbewu, ndipo alendo akabwera amadutsa pakhomo panga kulunjika kuseri. Mdzukulu sanabwere kuyambira tsiku lija. Pochoka mango anali maluwa, tsopano ayamba kupsa. Akuti mayeso. Amandiimbira, inde: mwadzuka bwanji agogo, mwamwa mankhwala, n'kudula. Pakapita kanthawi ndimamva foni ya kuseri ikulira, ndipo kumeneko amacheza nthawi yoti munthu n'kutereka nyemba mpaka kufewa. Akamaliza, mnzanga amabwera kudzaima kumbali kwa khonde.

"Akukupatsani moni, achemwali."

Ndimati ndamva.

Sabata yatha ndinamuimbira ndekha mdzukuluyo. Ndinati anthu akunyamula zabodza pakhomo pano, si phulusa lililonse limagwira. Anati, "Ndiye lembani nokha, agogo. Lembani m'kaderno, mujambulitse masambawo, munditumizire. Ndiika mmene mwalembera, osasintha ngakhale liwu limodzi." Ndinamufunsa ngati sangabwere kudzatenga yekha. Anati tiona.

Ndinakhala pansi kuti ndilembe za phulusa, koma chimene chatuluka ndi ichi. Kaya achiika chonse, kaya achotsamo zimene sizinamukomere, inu simungadziwe. Inenso sindingadziwe mpaka wina andiwerengere ine nditagwira kaderno kutsatira mzere ndi mzere.

Mvula yayandikira. Mapira ofiira aja ndawasunga zaka ziwiri osadzala chifukwa cha maondo, ndipo chaka chino akapanda kulowa m'nthaka afera m'nsupa. Ndinkati mdzukulu adzandithandiza pa tchuthi, ndipo tsiku lodzalalo ndimuuze dzina la mtengo uja, iye yekha, kumunda kopanda makutu a anthu. Mnzanga anadzipereka kuti andidzalire. Ndinakana. Sindikudziwa ngati ndikananso akabwereza.

Ndiye inu amene mukuwerenganu, makamaka a kuno ku Mandimba ndi a ku Ngauma amene mumadutsa popita kumalire, muzipatuka kudzandiona. Mbewu sindikulonjeza, ndipo musabwere ndi matumba. Mudzangofunsa kuti ndadzuka bwanji, mukhale pang'ono pakhonde. Mukalowa pachipata, nyumba ndi yoyambayo. Kuseri mukapite pambuyo, ngati n'kofunika. Wa ku Cuamba amene angamuone mwanayo amuuze kuti kuno mitambo yayamba kuda. Ndipo mukagogoda ine n'kuchedwa kutsegula, musachoke msanga. Ndimakhala ndilimo, ndikukuonani kaye pa kabowo ka chitseko.